Ndinapita ku Antakya pa basi, miyezi 6 chichitikireni chivomezi

Chivomezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chinandipeza ku Ankara, likulu la dziko la Turkey, kumene ndikuphunzira zomangamanga. Choyamba chinagunda nthawi ya 4:17 m'bandakucha pafupi ndi Pazarcık, m'chigawo cha Kahramanmaraş, champhamvu ya 7.8. Patangotha maola 9 kunabwera china cha 7.5 cha ku Elbistan. Zigawo 11 zinakhudzidwa, ndipo anthu opitirira 50,000 anafa m'dziko la Turkey lokha. Chigawo chimene chinataya anthu ambiri kuposa zonse ndi Hatay, ndipo likulu lake, Antakya, ndi kwawo kwa mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku hositelo. Iye anali atapita kwawoko ku tchuthi. Anapulumuka pamodzi ndi amayi ake ndi mlongo wake. Bambo ake sanatuluke.

Maphunziro a m'mayunivesite anasamukira pa intaneti, mahositelo ambiri anapatsidwa kwa anthu amene nyumba zawo zinagwa, choncho miyezi inadutsa tisanaonane. Tinkangolemberana pa WhatsApp, iye n'kumayankha mwachidule kuti ali bwino. Pofika mu Ogasiti mtima unakana, ndinati ndipite ndikampepese pamaso.

Zolakwa zanga zinayambira pa tebulo, ndisananyamule n'chikwama chomwe. Sindinamuuze tsiku lobwera. Ndinkaganiza kuti ndikamuuza ayamba kuvutika ndi zokonzekera mlendo, ndiye bola ndikafikire kumalo ogona alendo, m'mawa mwake ndimuimbire ndili kale mumzinda. Malowo ndinawapeza pa intaneti, zithunzi zake zokongola, bwalo lamiyala, mtengo wa malalanje pakati. Ndinalipiriratu masiku awiri ndi khadi, uthenga wotsimikiza n'kubwera. Sindinaimbe foni kuti ndimve mawu a munthu. Tikiti ya basi ndinagula yopita yokha, poti sindinkadziwa kuti ndikakhalako masiku angati. Ndipo m'malo mwa basi yausiku yofika m'mawa, ndinasankha yonyamuka 9 koloko m'mawa chifukwa ndinkafuna kuona njira.

Kuchoka ku AŞTİ, depoti yaikulu ya ku Ankara, kukafika ku Antakya ndi ulendo wa maola pafupifupi 10. Mwa kuwerengera kwanga ndinayenera kutsika dzuwa lisanalowe. Basi inanyamuka mochedwa ndi ola lathunthu. Titadutsa Pozantı, m'mapiri a Taurus, inayamba kutentha injini, tinaima m'mbali mwa msewu kwa nthawi yaitali dalaivala ndi mnyamata wothandizira akuthirathira madzi. Kutsogolo asilikali a jandarma anatiimitsa n'kutolera zitupa za aliyense. Apa pokha ndi pamene ndinali wokonzeka: pasipoti ndi chitupa changa chokhalira m'dzikomo zinali m'thumba la malaya. Mukamayenda njira imeneyi musaziike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa basi.

Mpaka ku Adana anthu ankacheza, mnyamata uja akugawa tiyi. Titayandikira İskenderun macheza anayamba kuchepa. Pawindo pankaoneka nyumba zosanjikizana zopanda magalasi, zina zong'aluka kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenaka mizere ya makontena oyera okhalamo anthu amene nyumba zawo zinagwa. Pokwera phiri la Belen tinatsatana ndi malole aakulu, basi n'kumangokwawa. Mayi amene anakhala mpando wa kutsogolo kwanga anafunditsa nkhope ndi mpango wake, mapewa akugwedezeka. Palibe anamufunsa kanthu. Aliyense m'basimo ankadziwa.

Tinafika itadutsa 10 koloko usiku, foni yanga itatsala pang'ono kuzima chifukwa ndinaidyera pa nyimbo ndi zithunzi za m'njira. Ndinapita kwa dalaivala wa takisi, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, n'kumuonetsa adiresi. Anayang'ana foniyo, anayang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Yok," anatero. Mawuwa amatanthauza kuti palibe.

Chitheki, chinenero cha ku Turkey, ndimachimva ndithu, koma ndinaganiza kuti akukana chifukwa kwada, kapena akufuna ndiwonjezere ndalama. Ndinamuonetsa uthenga wotsimikiza uja, dzina la malowo lili pomwepo. Anapumira m'mwamba.

"Kwera, mwana wanga, ukaone wekha."

Sindidzaiwala mdima wa mumzinda umenewo. Mzinda waukulu, koma mbali zina kunali bii ngati kutchire, nyale za galimoto zikungounika fumbi ndi agalu. Mapu a pa foni ankatchula mayina a misewu, sitolo, mabanki, malo odyera, koma kunja kunalibe chilichonse mwa zimenezo. Titawoloka mtsinje wa Asi bamboyo anakhotera m'kanjira ka miyala, anaimitsa galimoto, n'kuwalitsa nyale zonse. Patsogolo pathu panali bwalo lambee. Chimene chinatsala ndi masitepe atatu olowera pakhomo, ndi matailosi a buluu pang'ono pansi. Kumbuyo kwa masitepewo kunalibe khomo, kunalibe khoma.

Ndinangoti kakasi. Nthawi yomweyo foni inazima, ndipo nambala ya mnzanga inali m'foni momwemo, sindinailembe pena paliponse. Bamboyo akanatha kulandira ndalama yake n'kundisiya pamenepo. Sanatero. Analumikiza foni yanga ku chaja ya m'galimoto, tinakhala chete mphindi zingapo mpaka inayaka, ndipo iye mwini ndi amene analankhula ndi mnzanga kuti amve njira. Pobwerera anandiuza kuti pa mseu umene tinkadutsawo panali nyumba ya mchimwene wake. Sanawonjezere china, inenso sindinafunse.

Amene mukufuna kupita kumzinda umene wagwa ndi chivomezi, imvani apa. Zimene zili pa intaneti zimatsalira m'mbuyo miyezi yambiri. Tsamba likhoza kulandira ndalama zanu eni malowo atasamuka, kapena atamwalira. Musalipire musanalankhule ndi munthu wamoyo wa pamalopo tsiku lomwelo. Nambala ziwiri kapena zitatu zilembeni papepala. Tengani batire yapadera yotchajira foni. Ndipo sankhani basi yofika m'mawa, kuti ngakhale ichedwe maola atatu mufikebe kukuwala.

Mnzanga anandichingamira pageti la mudzi wa makontena, pomwe mlonda analemba dzina langa m'kaundula. Anandikumbatira mwamphamvu, kenaka anandikankha pang'ono n'kundiyang'ana m'maso.

"Bwanji osandiuza, m'bale wanga? Ukudziwa kumene unapitako usiku uno?"

Anali ataonda kwambiri. Kontena yawo inali ya tizipinda tiwiri, kakhitchini ndi kabafa, zonse pamodzi zosaposa chipinda chathu cha ku hositelo n'kakhonde kake. Amayi ake anadzuka, anandigwira kumaso ndi manja awiri ngati mwana wawo, n'kuyamba kutenthetsa chakudya pakati pa usiku. Ndinakana, sanamve. M'mawa ndi pamene ndinazindikira kuti matiresi amene ndinagonapo anali awo, iwo anagona pa bulangete pansi pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Ndinabisa tsiku lobwera kuti ndisawavutitse, koma ndinawavutitsa koposa. Akanadziwa, akanabwereka matiresi kwa anansi, akanandiuza zoti ndibweretse. Ndinafika ndi bokosi la maswiti la ku Ankara. Chimene chinkasowa pakhomopo ndi madzi akumwa a m'mabotolo, mankhwala othamangitsa udzudzu, ndi fani, pakuti kontena yachitsulo mu Ogasiti imatentha ngati uvuni.

Za madziwo ndinaphunzira mowawa. Usiku woyamba uja, ludzu litandigwira, sindinafune kutsegula botolo lawo lalikulu poona kuti latsala theka. Ndinamwa madzi a pampopi wa m'bafa, makapu awiri. Chivomezi chimathyola mapaipi apansi, a madzi abwino ndi a zonyansa omwe, ndipo anthu onse kumeneko ankadziwa kuti madzi a pampopi ndi osambira ndi kuchapira basi. Ine sindinafunse. Tsiku lachiwiri madzulo m'mimba munayamba kupota, ndipo ndinatsegula m'mimba masiku awiri, m'kanyumba kamene bafa lake lili pafupi ndi pogona anthu anayi. Mlongo wa mnzanga anayenda mtunda dzuwa lili paliwombo kukandigulira mankhwala ndi timapaketi ta ORS ku sitolo ya mankhwala, imenenso inali mu kontena. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba. Musamwe, musatsukire m'kamwa, madzi amene eni mudzi sakumwa. Pofika gulani madzi anuanu ochuluka, ndi ena owonjezera a pakhomo pamene mwafikira.

Koma ndisanadwale, m'mawa wa tsiku lachiwirilo, tinayenda mumzinda. Antakya ndi Antiokeya wakale, kumene otsatira Yesu anayamba kutchedwa Akhristu, mzinda umene Asilamu, Akhristu ndi Ayuda akhala moyandikana zaka mazanamazana. Mnzanga ankakonda kundisimbira za kwawoko usiku ku hositelo, mpaka ndinkadziwa mayina a misewu ndisanaione. Tsopano ankayenda patsogolo panga akuloza malo opanda kanthu. Apa panali sukulu yanga. Apa tinkadya künefe, chakudya chotsekemera cha kuno, ndi bambo Lachisanu. Pa msewu wa Kurtuluş Caddesi tinaima patali n'kuyang'ana mzikiti wa Habib-i Neccar, denga lake lozungulira litagwera mkati. Tchalitchi cha Orthodox chinali mulu wa miyala. Kawiri konse iye mwini anasochera, mwana wobadwira momwemo, chifukwa ngodya zimene ankadziwira njira zinali zitachotsedwa. Pa makoma otsala anthu analemba ndi penti kuti "Geri döneceğiz", kutanthauza kuti tidzabwerera.

Fumbi linali paliponse. Akatapila ankagwetsa nyumba zotsala, malole akutuluka motsatizana, ndipo fumbilo linkalowa m'mano, m'maso, m'tsitsi. Madokotala a m'dzikomo anali akuchenjeza kuti m'zigumukire za nyumba zakale mumakhala asibesitosi, amene amawononga mapapo patapita zaka. Mnzanga anandipatsa masiki yake ya FFP2, iye n'kumanga kansalu. Ine ndinalibe ngakhale imodzi. Tengani zingapo, zenizeni, osati zopyapyala za nsalu, ndiponso nsapato zolimba kuphazi, chifukwa pansi pali misomali, magalasi ndi zitsulo zosongoka.

Poti tonse timaphunzira zomangamanga, sitikanatha kudutsa osayang'anitsitsa. Anatola chibuma cha konkire n'kuchifikisa m'manja, chinayoyoka, mkati muli timiyala tosalala ta mumtsinje. Anandionetsa zitsulo zakale zopanda mizeremizere, zimene zimasololoka mu konkire nyumba ikagwedezeka. Anandionetsanso nyumba imene inangokhala pansi ngati yagwada: chipinda chapansi chinali masitolo a magalasi okhaokha opanda makoma okwanira, ndiye chinaphwanyika choyamba, zam'mwamba n'kutsikira pomwepo. Mzindawu wakhala pa dothi lofewa la m'mbali mwa mtsinje, ndipo dothi lotere limakulitsa kugwedezeka. Zonsezi tinaziphunzira m'kalasi, pa bolodi. Iye ankazifotokoza ndi mawu ouma, osandiyang'ana, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti akufotokoza mmene bambo ake anafera.

Dzuwa litakula ndinathawira pamthunzi wa khonde la nyumba ina imene inkaoneka yabwinobwino. Anandikoka dzanja mwaukali mpaka ndinatsala pang'ono kugwa. Boma linayendera nyumba n'kuzigawa m'magulu: az hasarlı, yowonongeka pang'ono, orta hasarlı, yowonongeka pakatikati, ağır hasarlı, yoyenera kugwetsedwa. Imeneyo inali ya gulu lomalizali, ming'alu yake ili mkati. Anandikumbutsa za pa 20 Febuluwale, pamene chivomezi china champhamvu yoposa 6 chinagunda cha ku Defne, dera loyandikana ndi Antakya, n'kugwetsa nyumba zimene zinali zitasweka kale. Nyumba yoimirira si nyumba yabwino. Yendani pakati pa msewu, pirirani dzuwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero chinachitika chakumasana. Tinafika pa nyumba ina yosanjikizana imene khoma lake lakutsogolo linagwa lonse, zipinda zili poyera. Pa nsanjika yachitatu pankaoneka khitchini: makabati obiriwira, katani ikuuluzika, poto ali pa shelefu ngati wina amuika dzulo. Ndinatulutsa foni n'kujambula. Mnzanga anali atapita kukagula madzi. Tsidya la msewu, pansi pa kamtengo, panali gogo wina wamwamuna atakhala pa mpando wapulasitiki. Anandikodola.

"Wajambula iti, mwana wanga?"

Ndinamuonetsa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chake chikunjenjemera pamwamba pa galasi la foni.

"Makabati amenewo ndinapenta ndine. Ndi khitchini ya mwana wanga wamkazi."

Sanakalipe. Anati amabwera tsiku lililonse kudikira akatapila, kuti tsiku limene adzaigwetse adzakhalepo, mwina adzatolepo kanthu. Za mwana wakeyo sanandiuze, ndipo mmene ananenera sipanafunike kufunsa. Ndinamva thupi lonse kuzizira pakati pa dzuwa limenelo. Ndinafufuta chithunzicho iye akuona, kenaka ndinakumbuka mawu amene mnzanga anandiphunzitsa, opepesera anamfedwa: "Başınız sağ olsun." Gogoyo anagwira pachifuwa n'kuyankha, "Dostlar sağ olsun," kuti abwenzi akhale ndi moyo. Anandisendezera mpando wina. Tinakhala limodzi mpaka mnzanga anabwera, tikuyang'ana katani ija.

Kuchokera pamenepo foni sinatulukenso m'thumba. Ndinali nditabwera kudzapepesa, koma penapake m'njira ndinasanduka wodzaona malo, ndipo sindinadzizindikire. Chilichonse chimene maso anu akuchiona kuti n'chodabwitsa mumzinda wotere chili ndi mwini wake, ndipo kawirikawiri mwiniyo ali pafupi. Ngati pali chifukwa chenicheni chojambulira, pemphani kaye. Musafunse munthu kuti anataya angati. Akafuna adzanena yekha, monga anachitira mnzanga usiku wachinayi, nditayamba kupeza bwino, tili panja pa kontena chifukwa mkati simunkagoneka. Anasimba za mvula ndi kuzizira kwa m'mawa umene uja, za kukumba ndi manja, za mawu amene opulumutsa anthu ankafuula pa milu ya konkire, "Sesimi duyan var mı?", kufunsa ngati alipo akumva, kenaka onse n'kukhala zii kumvetsera. Ine ntchito yanga inali kukhala pomwepo basi.

Usiku womwewo nthaka inagwedezeka pang'ono, masekondi ochepa chabe, makapu n'kulira pa shelefu. Ine ndisanamvetse n'komwe, mudzi wonse unali panja, ana akulira, amayi a mnzanga atagwira kachikwama kamene amagona nako kumutu, muli zitupa, mankhwala ndi tochi. Nsapato zawo zinkagona pakhomo zitaloza kunja. Kontena singakugwere ngati nyumba ya konkire, onse ankadziwa zimenezo, koma thupi silimva. Inunso gonani zitupa, foni ndi nsapato zili pamalo amodzi pofikira dzanja, ndipo dziwani kuti nambala ya ngozi m'dzikomo ndi 112.

M'mawa mwake tinapita ku manda a ku Narlıca, kumene anthu ambiri a chivomezi anaikidwa m'mizere italiitali. Manda ambiri anali adakali ndi thabwa lolembedwa nambala, ndipo abale anamangirirapo mpango, mpira wa mwana, kapena kansalu kuti azizindikira pawo. Amayi anathira madzi pa manda a amuna awo, botolo lathunthu, madzi omwe aja ogula. Ndinaima kumbuyo kwawo. Pamenepa ndi pamene ndinayenera kuyambira ulendo wonse.

Kubwerera kunandivuta chifukwa cha tikiti ija sindinagule. Inali nyengo ya tchuthi, anthu ambiri amene anasamukira ku mizinda ina ankabwera kudzaona abale ndi kudzalondola za nyumba zawo, ndiye mabasi opita ku Ankara anali odzaza masiku awiri otsatira. Kukhalabe kukanatanthauza kuti amayi apitirize kugona pansi. Ndinakwera minibasi mpaka ku İskenderun, ina mpaka ku Adana, n'kudikira pa depoti maola 6 kuti ndipeze mpando wa basi yausiku, pa mtengo wokwera kuposa umene ndinalipira popita. Ndalama zapamanja zinandithera m'njira, popeza ku Antakya makina a ATM ogwira ntchito anali patalipatali ndipo ogulitsa ambiri a m'makontena ankafuna ma lira enieni, ndalama za m'dzikomo. Tapani ndalama zokwanira musanalowe m'chigawocho, zikhale zing'onozing'ono.

Nditawerengera, ulendowu unandidya pafupifupi kawiri ndalama imene ndinakonza. Za malo ogona aja sizinabwerere msanga: ndinalemba makalata kangapo, ndinatumiza umboni, ndipo zinabwezedwa patatha milungu 7. Ndinawonjezera takisi ya usiku ija, mankhwala, minibasi ziwiri ndi tikiti yodula. Masiku awiri mwa asanu ndinawathera pa matiresi a eni nyumba. Chifuwa cha fumbi chinandikhalitsa milungu itatu.

Ndinapitanso mu Novembala. Ulendo umenewo ndinamuimbira mnzanga kutatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke, ndinagula tikiti yopita ndi yobwerera, basi yausiku yofika m'mawa. Ndinamufunsa choti ndibweretse, ndipo atakanakana anati amayi akudandaula za kuzizira, kontena ikudontha pakona. Ndinanyamula mabulangete awiri ndi chotenthetsera m'nyumba chamagetsi. Tikudutsa pa msewu uja ndinayang'ana nyumba ya makabati obiriwira. Panali bwalo, ataligaula bwinobwino. Mpando wapulasitiki pansi pa kamtengo panalibe.